Mankhwala Ounikira M'thupi: Chifukwa Chiani Ena Amagwa Ngati a Khunyu?



Ndapemphedwa kuti ndiyankhule za chinthu chimene sichichitika kawiri-kawiri, koma chikachitika chimasiya mantha aakulu pabanja. Munthu wapita kukaunikidwa m'thupi, am'baya jekeseni ya mankhwala oti chithunzi chioneke bwino, ndipo pasanapite nthawi wauma thupi, maso atembenuka, akuphupha ngati wa khunyu. Abale amene ali panja amafunsana kuti kodi am'patsa chiani. Wina amati am'lakwitsa mankhwala, wina amati makina am'tentha ubongo, wina amati ai, izi nzakumudzi. Tsono tsiku limene adotolo adzanene kuti pafunika kuunikanso, banja lonse limakana, ndipo wodwala amabwerera kwao matenda ake osadziwika.

Ndiyambe ndanena kumene ndikupita. Mankhwala amenewa amagwetsa munthu pokha-pokha akafika pamene sayenera kufika, ndiye kuti pa ubongo weni-weniwo kapena pa mtsempha waukulu wa mkati mwa msana. Choncho mafunso ofunika ndi akuti mankhwalawo ndi a mtundu wanji, abayidwa pati, ndipo amene akuwalandirayo ubongo wake uli bwanji.

Chiyambire 1895 pamene Wilhelm Röntgen adatulukira ekisireyi ku Würzburg, m'dziko la Germany, vuto lakhala limodzi. Mafupa amaoneka bwino pachithunzi, koma mnofu, mitsempha ndi ubongo zimangooneka ngati nkhungu. Kuti zimenezi zioneke pamafunika kuthira m'thupi chinthu chimene chimatchinga kuwala kwa makinawo. Madotolo amachitcha kontirasiti, ndipo odwala ambiri amangoti utoto, ngakhale kuti m'botolo chimaoneka ngati madzi. Pali phala loyera la barium limene munthu amamwa akamaunika matumbo. Limeneli silituluka m'matumbo kupita m'magazi, choncho tiliike pambali, silikukhudza nkhani yathu. Pali mankhwala a ayodini amene amagwiritsidwa ntchito pa ekisireyi ndi pa makina a CT. Palinso a gadolinium, a makina a MRI.

Ayodini ndi yemwe uja amathira mu mchere kuti tisadwale chithokomiro, kungoti muyeso wake ngwosiyana kutali-tali. Munthu wamkulu amafuna mamaikulogalamu 150 patsiku. Pounika ndi CT, botolo la mamililita 100 limatha kukhala ndi magalamu 30 a ayodini, kutanthauza kuti kuchulukitsa ka 200,000. Wina angadabwe kuti nanga munthu amapulumuka bwanji. Ayodiniyo amakhala atamangidwa zolimba ku mankhwala ena, thupi silim'gwiritsa ntchito, ndipo ngati impso zili bwino wambiri amakhala atatuluka ndi mkodzo pofika mawa lake. Akamalowa mu mtsempha munthu amamva kutentha thupi lonse, mkamwa mumamveka ngati wanyambita chitsulo, ndipo ena amaona ngati adzikodzera pamene sadatero. Zimenezi si ngozi ai, zimatha pa mphindi zochepa, koma ndi bwino anamwino azimuuziratu wodwala.

Tsopano tifike pa ubongo. Mitsempha ing'ono-ing'ono ya magazi m'thupi lonse ili ndi timipata, kotero kuti mankhwala amene ali m'magazi amatulukira pamenepo kulowa mu mnofu. Ya mu ubongo ndi yosiyana. Makoma ake ngomatana kwambiri, ngati mpanda wopanda pobowoka, ndipo amangolola zinthu zosankhika monga shuga ndi mpweya. M'zaka za m'ma 1880 Paul Ehrlich wa ku Germany adabaya utoto m'magazi a nyama, ndipo adapeza kuti ziwalo zonse zasintha mtundu kupatula ubongo. Mnzake wa ntchito Edwin Goldmann, amene adabadwira ku South Africa, adatembenuza kayesedweko mu 1913. Iye adabaya utoto wobiriwira m'madzi a mu msana, amene amazungulira ubongo. Apa ubongo udasintha mtundu, ndipo nyamazo zidaphupha mpaka kufa, ngakhale utotowo udali wochepa kwambiri poyerekeza ndi umene zinkapirira m'magazi. Utoto womwewo, nyama zomwezo, koma mbali ina ya mpanda.

Munthu amene mpanda wake uli bwino, akabayidwa kontirasiti pamkono, mankhwala amadutsa m'mitsempha ya mu ubongo osatulukamo, ndipo kugwa nkosowa kwambiri. Ambiri mwa ife a zachipatala tingagwire ntchito zaka zambiri osakuona. Mu 1990 madotolo a ku Japan, motsogozedwa ndi Hitoshi Katayama, adafalitsa zimene adapeza pa anthu oposa 337,000 amene adabayidwa mankhwalawa. Pa mankhwala akale, anthu 22 pa 10,000 alionse adaona zovuta zazikulu, ndipo pa mankhwala atsopano adali 4 pa 10,000. Dziwani kuti chiwerengero chimenechi chikuphatikiza zovuta zazikulu za mitundu yonse, monga kubanika ndi kutsika kwa magazi. Kugwa ndi kachigawo chabe.

Koma nanga amene timawatumiza kukaunikidwa mutu ndi ndani? Si anthu a ubongo wabwino. Ndi munthu amene ali ndi chotupa, kapena khansa imene yafalikira ku mutu, kapena thumba la mafinya. M'zipatala zathu muno ambiri ndi amene ali ndi kachirombo ka HIV ndipo agwidwa ndi toxoplasmosis, amene chifuwa chachikulu chawafika ku ubongo, ndi amene ali ndi timatumba ta mphutsi za njoka ya m'mimba yochokera ku nkhumba. Pamalo pamene pali matenda oterewa mpanda uja umakhala wabowoka. Mankhwala amatulukira pobowokapo, malowo amawala pachithunzi, nthawi zambiri ngati mphete, ndipo adotolo amaona pamene pali matenda, kukula kwake ndi kuchuluka kwake. Kumvetsa apa nkofunika. Chiboo chimene chimatithandiza kuona matenda ndi chomwecho chimene chimafikitsa mankhwala pa ubongo. Nchifukwa chake munthu amene akufunika kwambiri kontirasiti ndi yemwenso angagwe nayo.

Zimenezi zidaoneka msanga makina a CT atangofala, pambuyo poti wodwala woyamba adaunikidwa ku London mu 1971. Masiku amenewo ankathira mankhwala akale, ambiri-mbiri, pofuna kuona zotupa zing'ono-zing'ono. Mu 1983 madotolo a ku Houston, ku America, adalemba za odwala amene khansa idawafalikira ku ubongo. Ena mwa iwo ankagwa, ndipo atayamba kuwapatsa diazepam pang'ono asadabayidwe kontirasiti, kugwa kudachepa. Ndi mankhwala a masiku ano kugwa kwachepa kwambiri kotero kuti sitipereka diazepam kwa aliyense. Komabe munthu amene akudziwika kuti ali ndi chotupa m'mutu, kapena wagwapo masiku omwewo, sayenera kusiyidwa yekha pabenchi akangotuluka m'makina. Kugwa kwa mtundu umenewu kumabwera msanga, kawiri-kawiri pa mphindi zoyamba zomwezo, ndipo nthawi zambiri kumatha msanga.

Njira yachiwiri ndi yobaya mankhwala m'mitsempha imene imachokera ku mtima kupita ku mutu, pofuna kujambula mitsemphayo. Apa mankhwala amafika ku ubongo asadasungunuke m'magazi ambiri. Adayamba zimenezi ndi Egas Moniz wa ku Lisbon mu 1927. Mankhwala ake oyamba adali aukali kwambiri, wodwala mmodzi adamwalira, ndipo ena ankaphupha. M'zaka za m'ma 1930 kudabwera Thorotrast, amene odwala ankam'landira mopanda ululu ndipo zithunzi zake zidali zokongola. Madotolo adasangalala, osadziwa kuti mankhwalawo satuluka m'thupi ndipo amatulutsa cheza choopsa moyo wonse wa munthu. Patapita zaka 20 kapena 30 ambiri adayamba kufa ndi khansa ya m'chiwindi. Ndanena zimenezi kuti tidziwe kuti mankhwala amene sakugwetsa munthu lero sindiye kuti ngabwino.

Ngakhale ndi mankhwala a lero, pojambula mitsempha ya mtima kapena ya mutu, munthu mmodzi-mmodzi amasokonezeka maganizo, kugwa, kapena kuleka kuona kumene, maso ali bwino-bwino. Zimachitika maka-maka kwa a matenda a kuthamanga kwa magazi, a impso zofooka, ndi amene alandira mankhwala ochuluka. Anthu athu amene amatumizidwa ku India kapena ku South Africa chifukwa cha mtima ayenera kudziwa zimenezi. Zimaopsa zedi, koma ambiri amachira pakatha masiku awiri kapena atatu, mankhwala akatuluka.

Tsopano ndifike pamene pali imfa zeni-zeni, ndipo apa ndikhalitsapo. Pali kuunika kumene madotolo amakutcha myelogram. Munthu akamamva ululu wotsikira m'miyendo, kapena miyendo ikuzizira, ndipo akuganiza kuti china chake chikupanikiza mtsempha waukulu wa mu msana, amabaya singano pamsana ndi kuthira kontirasiti m'madzi a mu msanamo. Kumbukirani nyama za Goldmann. Pamenepa palibenso mpanda, mankhwala tawathira kale mkati.

Ndisadapitirire, ndichotse chisokonezo chimodzi. Anthu ambiri kuno kwathu amaopa kuchotsedwa madzi a pamsana, ndipo ena amathawitsa odwala awo usiku chifukwa cha zimenezi. Kuchotsa madzi pofuna kuyeza matenda oumitsa khosi ndi nkhani ina. Pamenepo timangotenga madzi pang'ono, sitithiramo kontirasiti ai, ndipo zimene ndikunenazi sizikukhudza kuyeza kumeneko.

Mu 1921 madotolo awiri a ku Paris, Jean Sicard ndi Jacques Forestier, adayamba kuthira mu msana mafuta osakaniza ndi ayodini otchedwa Lipiodol. M'zaka za m'ma 1940 kudabwera mafuta ena, Pantopaque, amene ku Britain ankatchedwa Myodil. Mafuta sankagwetsa anthu kweni-kweni chifukwa sasakanikirana ndi madzi, koma ankatsalira mu msana zaka ndi zaka, ndipo ena adasiyidwa ndi zipsera za mkati ndi ululu wosatha. Choncho madotolo adayesa mankhwala osungunuka m'madzi, amene thupi lingathe kuwachotsa lokha. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 adagwiritsa ntchito Conray ndi Dimer-X kumunsi kwa msana kokha, wodwala atakhala tsonga kwa maola angapo kuti mankhwala asakwere. Ngakhale zidali choncho, ena miyendo inkawakoka mwamphamvu mpaka mafupa kuthyoka.

Vuto la mankhwala akalewa lili pawiri. Ndi mtundu wa mchere, ndipo ngowawa mchere kuposa magazi kasanu mpaka kasanu ndi katatu. Amai mukudziwa zimene zimachitika mukawaza mchere pa nsomba yaiwisi kapena pa tomato wodula, madzi amatuluka. Mankhwalawa amachita chimodzi-modzi pa mitsempha. Komanso akasungunuka amagawika m'tizidutswa tokhala ndi mphamvu ya magetsi, pamene ubongo ndi mitsempha zimatumizirana mauthenga ndi timagetsi tating'ono. Mukathira zimenezi pa mtsempha, umayamba kutumiza mauthenga wokha popanda woutuma, ndipo kuphupha ndi kumeneko.

Amene adapeza njira ndi dotolo wa ku Sweden, Torsten Almén, amene ankagwira ntchito ku Malmö. Iye ankavutika mtima kumva odwala akulira ndi ululu pobayidwa mankhwala akale m'mitsempha ya m'miyendo. Adakumbukira kuti akamasambira m'nyanja ya Baltic, ya mchere wochepa, m'maso simunkawawa, koma kugombe la kumadzulo kwa Sweden, kumene madzi ngamchere kwambiri, munkawawa. Mu 1969 adafalitsa maganizo ake oti papangidwe kontirasiti yosakhala mchere. Makampani akulu-akulu sadam'mvere, kufikira kampani ya Nyegaard ya ku Oslo idavomera. Mankhwala awo oyamba, metrizamide, amene ankagulitsidwa ndi dzina loti Amipaque, adatuluka m'zaka za m'ma 1970. Adali abwino kuposa akale, koma anthu angapo pa 1,000 alionse ankagwabe, ndipo ambiri ankadwala mutu, kusanza, ena kubwebweta kumene. Mu 1981 kampani ya Bracco ya ku Milan idatulutsa iopamidol, ndipo mu 1982 a Nyegaard adatulutsa iohexol, amene ambiri timam'dziwa ndi dzina loti Omnipaque. Ndi mankhwala awiriwa kugwa pambuyo pa myelogram kudasanduka chinthu chosowa.

Mwina mukuganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Ai. Mankhwala akale a mchere aja sadathe padziko. Ngotchipa, ndipo amagwirabe ntchito yabwino pounika chikhodzodzo, njira ya mkodzo ndi zina. Maina awo ndi monga Urografin, Hypaque ndi Conray. Amakhala m'kabati imodzi ndi atsopano, mabotolo ofanana, onse oyera ngati madzi. Munthu akatenga botolo lolakwika nkuthira mu msana, zimene zimatsatira nzomvetsa chisoni. Pamayamba papita kanthawi, mwina theka la ola, mwina maola angapo, wodwala ali bwino-bwino mpaka kubwerera kuwodi. Kenaka amadandaula miyendo. Miyendo imayamba kukoka, kukokako kumakwera m'chiuno, pamimba, pachifuwa, mpaka thupi lonse. Kungom'khudza kapena kumenyetsa chitseko, wayambiranso. Thupi limatentha, minofu imaphwanyika, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, impso zimaleka kugwira ntchito. Ena mwa amene zidawachitikira adamwalira.

Musaganize kuti zimenezi nza maiko osauka. Mu April 2014, pa chipatala chachikulu cha National Center for Global Health and Medicine mu mzinda wa Tokyo, dotolo amene adali akuphunzirabe za mafupa adathira Urografin mu msana wa mai wa zaka 78. Maiyo adamwalira tsiku lomwelo. Pa mankhwalawo padali patalembedwa kuti asagwiritsidwe ntchito mu msana. Mu July 2015 khoti la ku Tokyo lidapeza dotoloyo wolakwa ndi kum'gamula chaka chimodzi, koma chilangocho chidaimitsidwa kwa zaka 3. Ine ndimaona kuti khoti lidagwira munthu mmodzi pamene olakwa adali ambiri. Ndani adam'lola kuchita ntchito imeneyo popanda wamkulu pambali? Ndani adaika mabotolo awiriwo pamodzi? Chifukwa chiani padalibe wachiwiri woti awerenge dzina la mankhwala mokweza singano isadalowe? Ngati zidachitika ku Tokyo kumene kuli antchito okwanira, nanga kuno kumene munthu mmodzi amagwira ntchito ya anthu atatu, ndipo mankhwala ena amabwera ngati mphatso atalembedwa m'chiyankhulo chimene sititha kuwerenga?

Anzanga a ku ekisireyi ndi anamwino, mvetsetsani apa. Ngakhale mankhwala atsopano si onse amene amaloledwa mu msana. Omnipaque wa mphamvu ya 180, 240 ndi 300 amaloledwa, koma ku America wa 140 ndi wa 350 amalembedwa kuti asalowe mu msana. Iopamidol amagulitsidwa kumeneko ngati Isovue ndi Isovue-M, ndipo wa mu msana ndi wokhala ndi M yekhayo. Chilembo chimodzi chokha. Muyesonso ngosiyana. Mu mtsempha ndanena za magalamu 30 a ayodini, koma mu msana wa munthu wamkulu sitipitirira magalamu pafupi-fupi 3. Wodwala akatuluka agoneke mutu uli m'mwamba kwa maola angapo, asaweramitsidwe, ndipo amwe madzi ambiri. Ngati mwazindikira kuti botolo lidali lolakwika, musabise ndipo musadikire kuti muone ngati ayambe kukoka. M'khazikeni tsonga kuti mankhwala asakwere ku mutu, itanani akulu-akulu, ndipo apite kuchipinda cha odwala mwakayakaya. Amene adapulumuka ndi amene adathandizidwa msanga, ena mpaka kuwachotsa madzi a mu msana, kuwagoneka ndi mankhwala amphamvu ndi kuwapumitsa ndi makina.

Za gadolinium ndinena mwachidule. Adayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1988, ndipo kuno kwathu makina a MRI adafika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, maka-maka pofufuza za malungo a mu ubongo mwa ana. Kumene kuli MRI, myelogram siifunikanso kawiri-kawiri, chifukwa makinawo amaona msana popanda kubaya singano. Gadolinium akabayidwa pamkono sagwetsa munthu kawiri-kawiri. Ngozi yake yodziwika, imene idatulukiridwa mu 2006, ndi ya anthu a impso zoonongeka kwambiri, amene khungu lao limatha kuuma gwa. Koma akalowa mu msana nayenso amagwetsa, ndipo wapha kale anthu. Zimachitika dotolo akamapewa ayodini chifukwa wodwala wanena kuti adam'tulutsapo zidzolo, nkusankha gadolinium pobaya jekeseni ya ululu wa msana, kenaka singano nkulowa mkati kuposa m'mene amafunira.

Tsopano ndibwerere kwa inu amai ndi abambo odikirira odwala, chifukwa pali zina zimene inu nokha ndi amene mungatiuze. Si munthu aliyense amene wagwa patebulo la makina amene wagwetsedwa ndi kontirasiti. Taganizani za munthu wa khunyu amene amamwa phenobarbitone kapena carbamazepine tsiku ndi tsiku. Am'patsa tsiku loti akaunikidwe ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Wanyamuka kwao dzulo, wagona pa depoti kapena pakhonde la chipatala, tulo osapeza. Adam'uza kuti asadye kanthu m'mawa, ndiye iye wamva kuti ndi mapiritsi omwe asamwe. Mwinanso mapiritsiwo adatha sabata yatha ku chipatala chaching'ono cha kwao. Njala, kusowa tulo, mantha, ndi kusiya mankhwala, chilichonse mwa zimenezi pachokha chingam'gwetse, jekeseni isadam'khudze nkomwe. Akakuuzani kuti wodwala asadye, mapiritsi a khunyu amwe ndithu ndi madzi pang'ono.

Palinso bambo amene amamwa kachasu tsiku lililonse, ndipo wagonekedwa m'chipatala dzana. Munthu wotere amatha kugwa pakati pa maola 6 ndi 48 chisiyireni mowa. Abale amachita manyazi kunena, amati amangolawa pa ukwati pokha. Tiuzeni zoona, sitili pa bwalo la milandu. Pali wa matenda a shuga amene wabaya insulin koma sadadye. Pali amene wangokomoka ndi mantha ataona singano, miyendo nkugwedezeka kawiri katatu, kenaka nkudzuka akudziwa zonse. Palinso amene thupi lake lakana mankhwala, watupa, akubanika, magazi atsika mpaka ubongo kusowa mpweya. Ameneyu akufunika jekeseni ya adrenaline nthawi yomweyo, diazepam sangam'thandize. Nchifukwa chake namwino wodziwa ntchito amayamba wayang'ana kapumidwe, kagundidwe ka mtima ndi shuga asadanene kuti ndi kontirasiti.

Mankhwala ena amene munthu akumwa amapangitsa ubongo kukhala wosachedwa kugwa. Ena mwa iwo ndi chlorpromazine wa matenda a maganizo, amitriptyline, tramadol wa ululu, ndi isoniazid wa chifuwa chachikulu. Mapepala a opanga kontirasiti amalangiza kuti ena mwa mankhwala oterewa aimitsidwe maola 48 myelogram isadachitike ndi maola 24 itachitika. Madotolo ambiri lero amaona kuti ndi mankhwala atsopanowa kuimitsako sikofunika nthawi zonse, ndipo kungabweretse vuto lina, maka-maka kwa wodwala maganizo. Chigamulo chimenechi ncha adotolo. Inu mbali yanu nkubweretsa mapaketi onse a mankhwala amene wodwala akumwa, ndi a zitsamba omwe, ndi kunena ngati adagwapo kale, ngakhale kamodzi kokha, ngati ali ndi vuto la impso, ndiponso ngati adabayidwapo kontirasiti ndipo zidatha bwanji. Mukafunsa kuti kodi mankhwalawa dzina lake nchiani ndipo mubaya pati, simudachite mwano. Wa zachipatala amene akwiye ndi funso limenelo ndi amene ali ndi vuto.

Munthu akagwa pamaso panu, kaya m'chipatala kaya ali kale panjira yobwerera kwao, m'gonekeni cham'mbali kuti malovu atuluke, ikani nsalu pansi pa mutu, ndipo chotsani zinthu zimene zingam'pweteke. Musaike supuni kapena chala mkamwa, munthu sameza lilime lake, koma supuni imathyola mano. Musam'panikize, musam'thire madzi, musam'mwetse kanthu kufikira atatsitsimuka bwino-bwino. Yang'anani nthawi. Kugwa kwambiri kumatha kokha pasadathe mphindi 2 kapena 3. Kukafika mphindi 5, kapena akagwanso asadatsitsimuke, pakufunika diazepam mu mtsempha kapena kumbuyo, ndipo pakufunika msanga. Malovu ake sangakupatsireni khunyu, ngakhale mpweya umene angatulutse. Khunyu si matenda opatsirana, ndipo anthu ambiri apsa pamoto abale ao akuonerera chifukwa cha bodza limeneli.

Funso limene makolo amafunsa pomaliza ndi lakuti kodi ndiye kuti mwana wathu wayamba khunyu? Madotolo amati munthu ali ndi khunyu akamagwa mobwereza popanda chom'yambitsa cha nthawi yomweyo. Kugwa kamodzi chifukwa cha mankhwala amene atuluke m'thupi mawa si khunyu, monga m'mene mwana wokomoka ndi malungo sitimutcha wa khunyu. Safunika mapiritsi a moyo wonse chifukwa cha kugwa kumeneko, ndipo palibe chifukwa chom'siyitsira sukulu kapena kuthetsa chitomero. Koma ndisakunamizeni. Ngati chithunzi chaonetsa chotupa kapena timatumba ta mphutsi mu ubongo, munthuyo angadzagwenso, ndipo chom'gwetsa chidzakhala matendawo, amene akadam'gwetsabe ngakhale akadapanda kuunikidwa. Kusiyana kwake nkwakuti tsopano tikudziwa chimene tikulimbana nacho. Toxoplasmosis ndi chifuwa chachikulu cha mu ubongo zili ndi mankhwala m'zipatala zathu zomwezi.

Amene adagwapo ndi kontirasiti angathe kuunikidwanso ngati pafunika. Adotolo angaone ngati chithunzi chopanda kontirasiti chingakwanire, angachepetse muyeso, angasinthe mtundu wa mankhwala, kapena kukonzeratu diazepam ndi mpweya pambali. Koma zonsezi zimatheka ngati zidalembedwa. Anzanga, tikalemba m'buku la wodwala tisamangoti adadana ndi utoto. Tilembe dzina la mankhwala, mphamvu yake, mamililita angati, tidabaya pati, adagwa patapita mphindi zingati, ndipo tidam'patsa chiani. Ndipo inu abale, musadachoke pachipatala tsegulani bukulo muone ngati alembadi, chifukwa dotolo amene adzam'landire ulendo wina, mwina ku chipatala china, sadzakhala ndi kwina kofunsa.